MAKALATA ANALEMBEDWA, KOMA MZINDA UNAPSA

Za ngozi za mankhwala oopsa m'mafakitale ndi m'madoko, ndi udindo wa antchito a Boma

Madzulo a Lachiwiri, pa 4 Ogasiti 2020, nthawi itangopitirira 6 koloko, nyumba yosungiramo katundu ya nambala 12 pa doko la Beirut, m'dziko la Lebanon, inaphulika. Anthu oposa 200 anafa ndipo oposa 6,000 anavulala. Akuluakulu a mzindawo anawerenga kuti anthu ngati 300,000 anatsala ndi nyumba zopanda zitseko, mazenera kapena madenga. Mkokomo wake unamveka mpaka pa chisumbu cha Cyprus, mtunda woposa makilomita 200 kutsidya kwa nyanja, ndipo nkhokwe zazikulu za tirigu zimene dziko lonselo linali kudalira zinang'ambika. Patapita masiku asanu ndi limodzi, Nduna Yaikulu, a Hassan Diab, anatula pansi udindo pamodzi ndi nduna zao zonse.

Chimene chinapasula mzindawo sichinali chida cha adani. Anali mankhwala otchedwa ammonium nitrate, amene amapangira feteleza ndiponso wonga wophwanyira miyala m'migodi. Matani 2,750 a mankhwalawa anatsitsidwa m'sitima ya pamadzi mu 2014, naikidwa m'nyumba imeneyo, nakhala momwemo pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tili kubwereza nkhani imeneyi pa tsamba lino pa zifukwa zitatu. Choyamba, sitimayo inali pa ulendo wa ku Beira, doko limene ifenso timalandirirako feteleza ndi mafuta a galimoto. Chachiwiri, masomphenya a Malawi 2063, amene Boma linakhazikitsa mu 2021, aika mafakitale ndi migodi patsogolo pa chitukuko. Ndipo akulu anati walira mvula walira matope, pakuti fakitale ibwera ndi ntchito ndi chuma, koma ibweranso ndi mathanki a mankhwala oyaka ndi akupha. Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, anthu amene akanatha kupulumutsa Beirut sanali akatswiri a sayansi okha. Ambiri a iwo anali anthu a cholembera ndi chidindo, monga ambiri a inu owerenga athu.

ULENDO WA SITIMA YA RHOSUS

Sitimayo, dzina lake Rhosus, inanyamuka pa doko la Batumi m'dziko la Georgia mu Seputembala 2013. Katundu wake anali ataitanitsidwa ndi kampani ina ya ku Mozambique yopanga zophulitsira miyala. Mu Novembala chaka chomwecho inaima pa Beirut, ndipo siinachokenso. Oyendera masitima anapeza kuti inali yakutha, yosayenera kupitiriza ulendo, komanso inali ndi ngongole za padoko. Mwini wake anaitaya. Chaka chotsatira bwalo la milandu linaloleza kuti katunduyo atsitsidwe, ndipo sitima yopanda kanthuyo inadzamira pa doko pomwepo mu 2018.

Tsono taonani zimene zinachitika ndi katundu wotsitsidwayo. Pakati pa 2014 ndi 2017, akulu a ofesi ya kasitomu analembera woweruza milandu makalata kangapo konse, kunena kuti mankhwalawo ndi oopsa, ndi kupempha kuti agulitsidwe, kapena aperekedwe kwa asilikali, kapena atumizidwe kunja. Oweruza anali kuyankha kuti pempholo silinadzere njira yoyenera ya malamulo, nalibweza. Asilikali anati iwo sali kuwafuna mankhwalawo. Akulu a doko anati nkhaniyo ili m'manja mwa bwalo. Pa 20 Julaye 2020, chikalata cha nthambi ya chitetezo cha dziko chinafika kwa Pulezidenti Michel Aoun ndi kwa Nduna Yaikulu. Pulezidentiyo anadzanena pambuyo pake kuti anachipereka kwa bungwe loona za chitetezo, ndi kuti iye analibe ulamuliro pa doko. Apa nkuti kutatsala masiku 15 okha.

M'nyumba momwemo munasungidwanso makombola ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka. Pa tsiku la ngoziyo amisiri anali atatumidwa kukakonza chitseko cha nyumbayo, ndipo anagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Chimene chinayatsa moto woyamba ndi nkhani imene wofufuza milandu, a Tarek Bitar, akhala akulimbana nayo pakati pa zopinga zambiri za andale. Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe angachikane: gulu la anthu khumi a ntchito yozimitsa moto linatumidwa kumeneko osauzidwa zimene zinali m'katimo, ndipo onse khumi anafera pomwepo.

Wina akanayendera maofesi a Beirut m'mawa wa tsiku limenelo, akanapeza fayilo yodzaza bwino. Ofesi iliyonse inali ndi kope la kalata yake, lokhala ndi tsiku ndi chidindo. Aliyense akanatha kunena moona mtima kuti, ine ndinalemba. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wodziona kuti katunduyo ali pa mutu pake, woti sangagone tulo kufikira thumba lotsiriza litatuluka m'nyumbamo.

MANKHWALA ODZIWIKA KHALIDWE LAKE

Palibe anganene kuti khalidwe la ammonium nitrate linali chinsinsi. Mankhwalawa pa okha sayaka ngati palafini, ndipo akasungidwa pouma, pozizira ndi paukhondo, amakhala bwinobwino. Kuopsa kwake nkwakuti akatenthedwa amatulutsa mpweya umene umakoleza moto. Amasungunuka kutentha kukafika pa madigiri 170. Ndipo akakhala mulu waukulu, pamalo potsekeka, atasakanizika ndi mafuta, utuchi kapena zinyalala zina, moto wamba ukhoza kuwasandutsa bomba. Ndicho chifukwa chake a m'migodi amawasakaniza dala ndi dizilo pofuna kuphwanya thanthwe.

Dziko lapansi linaphunzira zimenezi kalekale, ndipo linalipira mtengo waukulu. Pa 21 Seputembala 1921, pa fakitale ya feteleza ya kampani ya BASF ku Oppau m'dziko la Germany, antchito anali kuswa mulu wa feteleza wouma gwa ndi tizidutswa ta dainamaiti. Njira imeneyo anali ataigwiritsa ntchito nthawi zikwi zambiri popanda choipa. Tsiku limenelo nkhokwe inaphulika, nipha anthu oposa 500. Pa 16 Epulo 1947, pa doko la Texas City ku America, moto unabuka m'sitima ya Grandcamp imene inanyamula matani oposa 2,000 a mankhwala omwewa. Woyendetsa sitimayo, poopa kuononga katundu ndi madzi, analamula kuti atseke zivundikiro zonse ndi kupopera nthunzi m'katimo. Njira imeneyo imazimitsa moto wa thonje kapena wa matabwa, koma kwa mankhwala odzipangira okha mpweya wokolezera moto, inangoonjezera kutentha ndi kupanikizika. Anthu osachepera 581 anafa, ndipo mwa iwo munali pafupifupi gulu lonse la ozimitsa moto a mzindawo. Zomwezo zinachitikanso ku Toulouse m'dziko la France mu 2001, kumene kunafa anthu 31, ndi pa doko la Tianjin ku China mu 2015, kumene akufa ndi osowa anakwana 173.

Pano tiyenera kukhazika mitima ya alimi pansi. Feteleza wa yureya si mankhwala amenewa, ndipo wa CAN amene alimi a fodya amamdziwa bwino amasakanizidwa ndi laimu, zimene zimachepetsa kwambiri ukali wake. Matumba ochepa a m'nyumba ya mlimi sali ngati mulu wa ku Beirut. Ngakhale zili tero, mwambo wake ndi umodzi: feteleza asagone pamodzi ndi mafuta, ndipo asayandikane ndi moto. Nkhawa yeniyeni ili pa malo amene matani mazana kapena zikwi aunjikidwa pamodzi.

USIKU WA KU BHOPAL

Ku Beirut mankhwala anali ongosungidwa. Tiyeni tione tsono fakitale imene inali kugwira ntchito. Mu mzinda wa Bhopal, m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India, munali fakitale ya kampani ya Union Carbide India Limited, yopanga mankhwala ophera tizilombo ta m'munda otchedwa Sevin. Popanga mankhwalawo anali kudzera pa chiphe china choopsa kwambiri, methyl isocyanate, chimene chikakumana ndi madzi chimatentha ndi kuwira chokha. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki ya nambala 610. Thankiyo inawira, ndipo matani ngati 40 a mpweya wakupha anatuluka. Popeza mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapuma, unayenda chokwawa pansi, nulowa m'zisakasa za anthu osauka amene anali m'tulo kutsidya kwa mseu. Boma la chigawocho linawerenga anthu 3,787 akufa. Ena amene anatsata odwala m'zaka zotsatira amati chiwerengero chinapitirira 15,000. Anthu oposa 500,000 anaupuma mpweyawo.

Za mmene madzi analowera m'thankiyo, mpaka lero pali kutsutsana. Kampaniyo inati wantchito wina anachita dala. Antchito ndi ofufuza a Boma la India anati madziwo anadzera m'mapaipi amene anali kutsukidwa. Koma kaya madziwo analowa bwanji, fakitaleyo inamangidwa ndi zotchinjiriza zoti ngozi yotere ithere m'kati mwa mpanda, ndipo usiku umenewo palibe ngakhale chimodzi chimene chinathandiza. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Chipangizo chotsukira mpweya woipa chisanaufikitse kunja chinali chitaimitsidwa. Chumuni chachitali chotenthera mpweya wotsala chinali pa ntchito yokonzedwa. Madzi opopera m'mwamba sanafike pamene mpweyawo unali kutulukira. Lipenga lochenjeza anthu a m'mudzi linalira pang'ono nkuzimitsidwa. Madokotala a m'zipatala analandira anthu zikwi zambiri akutsamwa ndi kulira maso, koma sanauzidwe msanga dzina la chiphecho kapena machiritso ake.

Nakonso kuno machenjezo analipo, olembedwa bwino lomwe. Mu Disembala 1981 wantchito wina anafa atapuma mpweya wa poizoni m'fakitalemo. Mu 1982 akatswiri a kampaniyo ochokera ku America anayendera malowo, nalemba mndandanda wa zolakwika. Kuyambira chaka chomwecho mtolankhani wa mumzindamo, a Rajkumar Keswani, analemba nkhani zingapo m'nyuzipepala zochenjeza kuti Bhopal ali pa ngozi. Koma malonda a fakitaleyo sanali kuyenda bwino, ndipo kumene ndalama zathina, choyamba kudulidwa chimakhala chipangizo chimene sichitulutsa katundu wogulitsa. Chotchinjiriza ngozi chili ndi tsoka limeneli: chikamagwira bwino ntchito, palibe chooneka, kotero mwini fakitale amayamba kuchiyesa chongodya ndalama.

Mapeto ake ndi phunzironso. Mu 1989 kampaniyo inagwirizana ndi Boma la India kulipira chipepeso cha madola 470 miliyoni. Mu 2010, patapita zaka 25, akuluakulu asanu ndi awiri a kampani ya ku India anapezeka olakwa, napatsidwa chilango cha zaka ziwiri. Ndipo munali mu Januwale 2025, zaka 40 chichitikire ngoziyo, pamene matani 337 a zinyalala za poizoni anachotsedwa pa malo a fakitaleyo. Mlandu ndi chipepeso zimadza mochedwa chotere, ndipo sizidzutsa wakufa.

ZIMENE MAIKO ENA ANATOLAPO

Pa ngozi zoterezi akatswiri anatolapo mfundo zochepa zimene munthu aliyense angazimve, ngakhale asanalowepo m'kalasi ya sayansi.

Yoyamba ndi kusunga pang'ono. Katswiri wina wa ku Britain, a Trevor Kletz, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku kampani ya ICI, anaphunzitsa mu 1978 kuti njira yoposa zonse yopewera kudontha kwa chiphe ndiyo kusakhala nacho chochuluka. Chiphe cha ku Bhopal sichinali katundu wogulitsa. Chinali chongodzerapo popanga mankhwala ena, ndipo nkotheka kuchipanga pang'onopang'ono ndi kuchigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Kukanakhala makilogalamu ochepa m'malo mwa matani 40, dzina la Bhopal silikanamveka kunja kwa India.

Yachiwiri ndi kusasintha kanthu popanda katswiri kuunika. Ku Flixborough m'dziko la England, mu 1974, thanki imodzi mwa zisanu ndi imodzi zolumikizana inang'aluka. Pofuna kuti ntchito isaime, anaichotsa naikapo paipi yongoyembekezera, imene chithunzi chake chinajambulidwa ndi choko pansi m'nyumba ya amisiri. Pa nthawiyo mpando wa injiniya wamkulu wa makina unali wopanda munthu. Pa 1 Juni paipiyo inathyoka, mankhwala otentha a cyclohexane anatuluka nayaka, ndipo antchito 28 anafa. Linali Loweruka; likanakhala tsiku la m'kati mwa mlungu, maofesi ali odzaza, maliro akanachuluka koposa.

Yachitatu ndi kuuza anthu zoona, ndiponso msanga. Pa 10 Julaye 1976, ku Seveso pafupi ndi Milan m'dziko la Italy, fakitale ina inatulutsa utsi wokhala ndi chiphe cha dioxin. Panapita masiku oposa sabata anthu asanauzidwe dzina la chiphecho, ndipo kusamutsa mabanja kunayamba patatha masabata awiri, ziweto zitafa kale ndi ana atatuluka zilonda pakhungu. Chifukwa cha ngozi imeneyi maiko a ku Ulaya anapangana lamulo mu 1982, lotchedwa ndi dzina la mudzi womwewo, lokakamiza mwini fakitale kuulula kwa Boma mankhwala oopsa amene ali nao ndi kuchuluka kwake, kulemba mmene adzachitire ngozi ikagwa, ndi kudziwitsa anthu oyandikana naye. Lamulolo litakonzedwanso mu 1996, anaonjezamo mfundo yachinayi, yakuti pakhale mtunda wokwanira pakati pa fakitale yoopsa ndi nyumba za anthu. Bungwe la International Labour Organization linaika mfundo zofanana ndi zimenezi m'pangano lake la nambala 174 la mu 1993.

PAFUPI NDI KWATHU

Wina angati izi ndi za maiko a mafakitale akuluakulu. Koma abale athu a ku Zambia aziona pakhomo pao. Mu Epulo 2005 fakitale ya zophulitsira miyala ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika, nipha antchito oposa 40. Pa 18 Febuluwale 2025, ku Chambishi komweko, damu losungiramo zinyalala za mgodi wa mkuwa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka. Chiwerengero choyamba chinati malita ngati 50 miliyoni a madzi a asidi anathamangira mu mtsinje wa Mwambashi ndi kukalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi, ndipo ndege za asilikali zinachita kumwaza laimu mumtsinje pofuna kupha ukali wa asidiyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu kuno tili nao malo amene zinthu zoyaka ndi zakupha zimakhala zochuluka. Pali nkhokwe za mafuta za dziko ku Kanengo, ku Matindi ndi ku Sonda. Pali mafakitale otcheza ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Pali malo osakanizira ndi osungira feteleza ku Liwonde, ku Chirimba ndi kwina. Pali mankhwala a chlorine amene mabungwe a madzi amatsukira madzi akumwa. Ndipo mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene ntchito yake imafuna asidi wambiri, unayambanso mu 2025. Sitili kunena kuti pa malo amenewa pali cholakwika. Tili kungonena kuti ntchito zotere zilipo, ndipo zidzachuluka monga momwe tonse tifunira.

Malamulo nawo alipo. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito, limene linapatsa oyendera mafakitale mphamvu yolowa ndi kufufuza. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 linabala bungwe la MEPA. Bungwe la MERA limapereka ziphaso za osunga ndi onyamula mafuta, ndipo pali bungwe lina loona za mankhwala ophera tizilombo. Boma linachita bwino kuika maziko amenewa. Koma tikumbuke kuti Lebanon nayenso anali ndi malamulo, mabwalo, kasitomu ndi asilikali. Kuchuluka kwa maofesi kuli ndi msampha wake: ofesi iliyonse imayesa kuti inzake ndiyo ili kuyang'anira.

UDINDO WA A M'MAOFESI

Nanga wantchito wa Boma, amene alibe digiri ya sayansi ya mankhwala, angachitepo chiyani? Ife tiona zinthu zisanu.

Choyamba, ofesi ya Bwanamkubwa ndi khonsolo ya mzinda zikhale ndi kaundula wa malo onse osungira zinthu zoopsa m'dera lao: ndi mankhwala anji, ochuluka bwanji, ali m'nyumba iti, ndipo woyankha ndani. Kope la kaundulayo likhale kwa ozimitsa moto, kwa apolisi ndi ku chipatala. Anthu khumi a ku Beirut aja akanakhala ndi pepala limodzi lotere, akanathamangitsa anthu padoko m'malo mothamangira okha ku imfa.

Chachiwiri, kalata yonena za ngozi ya miyoyo isayende ulendo wa makalata ena onse. Ikhale ndi dzina la munthu mmodzi woisenza, ndi tsiku loti ntchito ikhale itatha. Ngati mphamvu yochitapo kanthu si yanu, musakhutire ndi kulemba pamwamba pake kuti yapita kwa oyenera. Inyamuleni nokha, kagogodeni pa chitseko cha mwini mphamvuyo, ndipo mubwererekonso mlungu wamawa kukafunsa. Ntchito ya kalata yotere imatha tsiku limene choopsacho chachotsedwa.

Chachitatu, katundu woopsa wolandidwa pa chipata cha dziko, kapena wotayidwa ndi mwini wake, asadikire kutha kwa mlandu. Mlandu ukhoza kutenga zaka. Matumba amang'ambika, denga limadontha, ndipo alonda amene anadziwa za katunduyo amasamutsidwa. Pakhale njira yachidule yoti bwalo lilole kumgulitsa, kumbweza kapena kumuononga, ndalama zake nkusungidwa kufikira chiweruzo.

Chachinayi, woyendera fakitale asakhutire ndi ziphaso zopachikidwa pakhoma la ofesi ya bwana. Apemphe kuti pampu yozimitsira moto ilizidwe iye akuona, lipenga lilire iye akumva, ndipo afunse wantchito wa usiku chimene angachite thanki itayamba kutentha. Ku Bhopal zipangizo zonse zinalipo pa pepala. Ndipo wantchito amene waulula cholakwika atetezedwe, pakuti iye ndiye amayamba kumva fungo.

Chachisanu, a ofesi ya malo ndi mapulani a mizinda aumirire pa mtunda wolekanitsa fakitale ndi nyumba. Fakitale imamangidwa kutchire, koma posakhalitsa pa chipata pamabwera ogulitsa mandasi, kenaka zisakasa, kenaka sukulu. Kukaniza munthu wosauka malo ndi chinthu chowawa, ndipo sikubweretsa kutamandidwa. Koma amene anafa ochuluka ku Bhopal ndi amene anagona pafupi ndi mpanda.

Tidziwa kuti ena adzati oyendera mafakitale ndi ochepa, galimoto ndi mafuta nzosowa, ndipo kukhwimitsa malamulo kudzathawitsa eni chuma amene tili kuwaitana. Madandaulo awiri oyambawo ndi oona, ndipo ndi chifukwa chake tinena kuti oyendera ochepawo ayambire pa malo ochepa amene ngozi yake ingaphe anthu ambiri, m'malo momwaza mphamvu zao pa timagalaja ndi tizigayo tonse. Koma dandaulo lachitatulo silili loona. Kampani yokhazikika imadziwa kale malamulo amenewa, popeza imawatsata kwao ndipo a inshuwalansi amaikakamiza. Imene ithawa chifukwa yafunsidwa kuonetsa pampu ya moto ndi imene sitiyenera kuilirira. Bungwe la World Bank linawerenga kuti katundu woonongeka ku Beirut anali wa madola pakati pa 3.8 ndi 4.6 biliyoni. Kuchotsa matumba aja kukanadya kachigawo kakang'ono zedi ka ndalama zimenezo.

MAU KWA APHUNZITSI

Inu aphunzitsi muli ndi gawo lanu, ndipo si laling'ono. Pa 17 Novembala 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, galimoto ya thanki yonyamula petulo kuchokera ku Beira kudza ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu kuti atunge mafuta. Anthu oposa 70 anafa, ndipo ena mwa iwo anali ana. Anthuwo anauona petulo wa pansi, koma sanadziwe kuti chimene chimayamba kuyaka ndi nthunzi yake yosaoneka, imene imayenda pansi kufikira itapeza kamoto ka ndudu kapena ka mbaula.

Mwana wa sukulu ya pulaimale akhoza kuphunzira zinthu zimenezi m'phunziro limodzi. Thanki ya mafuta ikagwa, thawa, ndipo uletse anzako. Pa fakitale kapena mosungira katundu pakabuka moto, usapite kukaonerera. Ku Texas City anthu ambiri anafa ataima padoko kuonerera utsi wa maonekedwe okongola, ndipo ku Beirut ambiri anavulazidwa ndi magalasi ataima pa mazenera. Ukamva fungo lotsamwitsa, yang'ana kumene mphepo ili kulowera, uchoke modutsa m'mbali, osathamanga motsatana nayo, utaphimba mphuno ndi pakamwa ndi nsalu yonyowa. Chigubu chimene munali mankhwala a m'munda sichisanduka chotungira madzi ngakhale chitsukidwe kangati. Mwana akamva izi amakazinena kwao madzulo, ndipo phunziro limodzi limafika m'nyumba makumi asanu.

Muwaphunzitsenso ana akuluakulu mbiri ya Oppau, kumene anthu anachita chinthu choopsa nthawi zikwi zambiri osaona kanthu, nayesa kuti nchabwino. Ena mwa ana amenewo adzakhala mainjiniya, oweruza ndi alembi aakulu a maunduna, ndipo tsiku lina wina adzawauza kuti, takhala tikuchita chomwechi zaka zonsezi. Adzafunika kudziwa kuti mau amenewo sali umboni wa chitetezo.

POMALIZA

Dziko lathu lifuna mafakitale, ndipo tsamba lino lili pambuyo pa Boma pa cholinga chimenecho. Mwayi wathu ndi wakuti tili kuyamba mochedwa, pamene ena analipira kale mtengo wa maphunzirowa ndi miyoyo ya anthu ao. Pa ngozi zazikulu zimene tazifotokoza, za ku Beirut ndi ku Bhopal, panali munthu amene anaona choopsa nachilemba. Chimene chinachedwa ndi dzanja lochichotsa. Akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Chomwecho tipempha aliyense wa inu amene ali ndi thireyi ya mafayilo pa tebulo lake kuti Lolemba m'mawa aipende bwino. Ngati m'menemo muli kalata yonena za migolo yodontha, za matumba osadziwika mwini, kapena za pampu ya moto imene inafa chaka chatha, aitulutse, aiike pamwamba, ndipo alembepo dzina lake.